Anapiye akutha ndi kabawi, ndiyambire pati?

Abiti wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Nkhuku zanga ndi zachikuda, zimadziyendera pabwalo. Thadzi likaswa anapiye khumi, okula ndi awiri kapena atatu, ena onse kabawi watola. Pano kwabweranso china: m'mawa ndikupeza nkhuku yaikulu itafa m'khola, yolumidwa pakhosi, thupi lonse lili bwinobwino. Kholalo ndi lapansi, la bango, lofolera ndi udzu. Waya wakwera mtengo, sindingathe kutchinga bwalo lonse.

Che Mdala wa ku Malindi:
Mayi, akuba anu ndi awiri, wa masana ndi wa usiku, ndipo aliyense ali ndi mankhwala ake. Wa masana ndi kabawi, mphamba ndi khwangwala. Akabawi amachuluka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka dzinja, nthawi imene tchire lapsa, pabwalo pali mbee, mwanapiye alibe pothawira. Musavutike ndi bwalo lonse. Tchingani anapiye okha kwa milungu 6 yoyambirira, pakuti amene amatoledwa kwambiri ndi ang'onoang'ono osamera nthenga.

Pangani kakhola konyamulika ka nsungwi, mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi, msinkhu wofika m'bondo kapena kupitirira pang'ono. Kameneka kakwana thadzi limodzi ndi ana ake. M'mbali lukani nsungwi zong'amba mothithikana, mpata wake usalowe chala chachikulu, apo ayi anapiye azitulukira pomwepo. Pamwamba kungani ukonde wakale wa asodzi, wa maso aang'ono ngati wa usipa. Theka la denga muikepo mphasa kapena udzu, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno kunyanja likhoza kupha anapiye onse tsiku limodzi. Muzikasuntha tsiku lililonse kuti apeze dothi latsopano lopalasa komanso zitosi zisaunjikane.

Anapiye akakula n'kuyamba kutulutsidwa, musamasese bwalo mpaka kulisiya lopanda kanthu. Siyani nthambi zouma pamalo awiri kapena atatu, kapena kathandala kafupi. Tambala akaona mthunzi m'mwamba amalira kuchenjeza, koma kuchenjezako n'kopanda phindu ngati pobisala pali kutali.

Mlimi wa ku Namwera:
Ine ndiyankhe za usikuzo. Yang'anani chimene mwapeza m'mawa. Kulumidwa pakhosi kapena kumutu thupi n'kutsala, ameneyo ndi likongwe kapena kanyama kamawangamawanga ka mchira wautali kokwera mitengo. Vumbwe amanyamula nkhuku kukadyera patchire, mumapeza nthenga zolondoleza njira. Galu amagumula khola, n'kumwaza mitembo. Mazira akamasowa popanda chikhungwa kutsala, ganizani njoka kapena ng'azi, ndipo inu oyandikana ndi Shire ng'azi ndi zambiri. Anapiye osowa usiku m'khola lotseka, ambiri amakhala atakokedwa ndi makoswe.

Khola lapansi la bango silingaletse chilichonse mwa zimenezi. Likwezeni mita imodzi pa mizati inayi yolimba. Pa mzati uliwonse vekani lata lodula ngati chipewa choyang'ana pansi, lotambalala masentimita 20 mbali zonse, kuti chokwera chizikabwerera pamenepo. Pansi pa khola yalani nsungwi motalikirana sentimita imodzi, zitosi zizigwa koma mutu wa njoka usalowe. Makwerero muzichotsa madzulo alionse.

Malo amene anthu amaiwala ndi awiri: mpata wa pakati pa khoma ndi denga, ndi m'munsi mwa chitseko. Pamene palowa zala ziwiri, kanyamako kalowa. Ngati ndalama ikukwana waya wochepa, gulani wa maso a mamilimita 13 wotsekera mipata imeneyi ndi mazenera. Waya wamba wa nkhuku wa maso aakulu umangoletsa nkhuku kutuluka, khoswe ndi njoka amadutsa. Dulaninso nthambi zonse zogunda denga, ndipo mulu wa nkhuni kapena njerwa usayandikane ndi khola.

Linthumbu likayamba ndi mvula zoyamba, thirani phulusa mozungulira mzati uliwonse, ndipo muzibwereza mvula ikagwa.

Anaphiri a pa Koche:
Ukonde wa a Che Mdala ndi wabwino pamwamba pokha. Musauike m'mbali mofika pansi. Ukalendewera anapiye amakodwa miyendo ndi khosi, njoka nayo imakodwamo n'kukhala yamoyo pakhomo pomwe ana akusewera. Makoswe ndi likongwe amauluma mosavuta, dzuwa limaufumbutsa, choncho muziukoka ndi dzanja mwezi uliwonse kuona ngati sunayambe kuduka. Masikito ogonamo asiyeni ku bedi, malungo kuno si nkhani yocheza.

Chinanso, anthu ambiri amatsekera anapiye n'kuwapatsa madeya okhaokha, kenako amati kutsekera kumapha. Chimapha ndi njala. Mwanapiye wotsekeredwa sapeza ziwala ndi chiswe, ndiye muzimupatsa ndinu. Sakanizani makapu 3 a madeya osefa kapena mgaiwa ndi kapu imodzi ya usipa wouma wosinja, wopanda mchere, kapena soya wokazinga. Soya wosakazinga amawatsegula m'mimba ndipo sakula. Onjezani masamba a bonongwe oduladula. Madzi aikeni m'mbale yosazama, muponyemo timiyala kuti asamire ndi kunyowa. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso, alandire pa miyezi inayi iliyonse. Alangizi a ziweto akuuzani tsiku lake.

Ena amapaka anapiye GV, mankhwala a utoto opaka pa zilonda aja, pamsana kuti kabawi asawazindikire. Zimathandiza pang'ono kwa masiku ochepa, koma utotowo umatha nthenga zikamamera.

Abiti wa ku Mpondasi:
Zikomo nonse, kakhola ka anapiye ndiyamba nako sabata ino. Aneba akuti ndithire poizoni wa tameki m'dzira ndisiye kuseri kwa khola. Kodi pamenepo mukuti bwanji?

Mlimi wa ku Namwera:
Ayi mayi, chonde musayerekeze. Dzira limenelo woyamba kulipeza ndi galu wanu, nkhuku zanu zomwe, kapena mwana. Chimene chafa ndi poizoniyo chikadyedwa ndi mphaka kapena kadzidzi, nachonso chimafa, ndiye mwapha ogwira makoswe. Likongwe mmodzi akafa, dera lake limalowedwa ndi wina, ndipo mpata uja adzaupeza uli chitsegukire. Madzulo ano lowetsani nyali m'khola, mutseke chitseko, muzungulire kunja kuli mdima. Paliponse pamene pakutuluka kuwala kokula ngati zala ziwiri, pakhomeni thabwa kapena lata musanagone.