Chithunzi chimene akuti ndi rayograph ya 1922: ndilembe chiyani mu lipoti?

Wofunsa:
Anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Munthu wina wandibweretsera chithunzi kuti ndichiyeze, ndipo akuti ndi rayograph imene katswiri wojambula zithunzi wa ku America, Man Ray, anapanga ku Paris mu 1922, nthawi imene ankayala zinthu papepala lojambulira n'kuliunikira popanda kamera. Kumbuyo kwake kuli chidindo cha 31 bis rue Campagne-Première, keyala ya malo amene ankagwirirako ntchito ku Paris, m'mbali mwa malo akuda siliva akunyezimira ndikachipendeketsa pa kuwala, monga zimachitikira ndi zithunzi zakale, ndipo nditachiika pansi pa nyale ya UV sichinawale buluu. Mwiniwakeyo akufuna kalata yotsimikiza chakacho. Kodi umboni umenewu ukukwanira?

Woyeza mapepala:
Sukukwanira ayi, ndipo musafulumire kusaina. Mankhwala owalitsa pepala, amene amawala buluu pansi pa nyale ya UV, anayamba kuikidwa m'mapepala a zithunzi m'zaka za m'ma 1950, choncho chikadawala buluu nkhani ikadathera pomwepo, monga zinachitikira mu 1999 pamene katswiri woyeza zithunzi Paul Messier ndi anzake anapeza mankhwalawo m'zithunzi zogulitsidwa ngati zakale za Lewis Hine, wojambula zithunzi wa ku America amene anamwalira mu 1940. Koma kusawala sikutsimikiza kanthu, chifukwa mapepala ena a pambuyo pa 1955 analibe mankhwalawo, ndiponso chithunzi chikatsukidwa nthawi yaitali amatha kusuluka. Pemphani chilolezo cholembedwa kuti mutengeko kachidutswa kakang'onong'ono kumbuyo, pakona, kakayezedwe ulusi wake. Mapepala ambiri a m'ma 1920 anali ndi ulusi wa thonje ndi nsanza. Mukapeza ulusi wa mitengo ya masamba aakulu wophikidwa mwa njira ya kraft (njira ina yophikira mitengo ndi mankhwala popanga pepala), dziwani kuti pepalalo ndi la zaka zambiri pambuyo pake.

Wosunga zithunzi zakale:
Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma funso lalikulu silinafunsidwe. Rayograph yeniyeni imakhala imodzi yokha, popeza palibe negativi (filimu ya mu kamera yosindikizira zithunzi) imene inachokerako. Man Ray mwiniwake ankazijambulanso ndi kamera kuti azichulukitse, ndipo zithunzi 12 za mu Champs Délicieux, buku limene linatuluka mu 1922 ndi mawu oyamba a mlakatuli Tristan Tzara, zinasindikizidwa motero. Ndiye kuti chithunzi chanucho chikhoza kukhala chakale ndithu, cha m'manja mwake, koma osakhala pepala limene chipeso kapena kiyi zinagonapo, ndipo kusiyana kwa mtengo wake n'kwakukulu. Chiikeni pa maikulosikopu. Yang'anani timadontho ta filimu m'malo otuwa, kafumbi kapena kamzere kokandika kamene kanajambulidwa m'chithunzimo m'malo mokhala pamwamba pa pepala, komanso inki yobisira zilema imene ikuoneka koma simukuipeza pamwambapo mukaunikira cham'mbali. Chimodzi mwa izi chikapezeka, n'kutheka kwambiri kuti chinachita kujambulidwanso.

Kunyezimira kwa siliva musakudalire kwambiri, pakuti chinyezi chokha chimakubweretsa msanga.

Wofufuza eni ake akale:
Za chidindozo ndikuchenjezeni: chidindo chimatiuza za chidindocho, osati tsiku limene chinadindidwa. Man Ray anachoka ku Paris mu 1940, nabwerera mu 1951, ndipo anamwalira mu 1976 zidindo zake zikadalipo. Nkhani ya zithunzi zake zachinyengo zimene wosonkhanitsa zithunzi wa ku Germany, Werner Bokelberg, anagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990 inatiphunzitsa kuti chidindo pachokha si umboni. Kodi mwiniwakeyo ali ndi malisiti, makalata kapena katalogi ya chionetsero yosonyeza kumene chinali m'zaka za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse? Funsaninso ku Art Loss Register, kaundula wa zaluso zobedwa ndi zosowa, ndipo pepala lililonse lomatidwa kumbuyoko musalimatule.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndachiika pa maikulosikopu madzulo ano, ndipo pakona yakumanja pali katsitsi kopindika kamene kali m'kati mwa chithunzi, pamwamba pa pepala pali see. Mwiniwake ali ndi lisiti limodzi lokha, la m'ma 1970. Wavomera kuti titenge ulusi. Mu lipoti ndilemba kuti chithunzichi chikuoneka kuti chinasindikizidwa kuchokera ku negativi, kuti mbiri ya eni ake lisitilo lisanalembedwe ilibe zikalata, ndiponso kuti za chaka cha pepala ndinena zotsatira za ulusi zikabwera.