Pulaneti la chipululu lokumbidwa migodi: madzi ndi mpweya zichokera kuti?

Mlembi_wa_usiku:
Akuluakulu, ndikulemba nkhani yopeka ya m'tsogolo. Kampani yatumiza anthu 5,000 ku pulaneti lina la mchenga wokhawokha, lopanda nyanja, lopanda mvula, kuti akakumbe miyala. Zamatsenga ayi, ndikufuna oti munthu wodziwa za migodi akawerenga asandiseke. Madzi awapeza kuti, azipuma chiyani, nanga choyamba kuwonongeka chingakhale chiyani?

Namiyala:
Achimwene, musanajambule mapu, tengani kaye cholembera muwerengere madzi. Tinene kuti munthu aliyense akugwiritsa ntchito malita 50 patsiku, kumwa, kuphika ndi kusamba. Anthu anu onse ndi malita 250,000. Pa International Space Station, chombo chokhalamo akatswiri chimene chimazungulira dziko lathu mumlengalenga, anafika poti madzi 98 pa 100 alionse amawayeretsa n'kuwagwiritsanso ntchito, mkodzo ndi thukuta lomwe. Anthu anu atafikapo pamenepo azitaya malita 5,000 patsiku. Koma kumigodi mapaipi amadontha, masefa amatsekeka, ndiye lembani 90 pa 100. Kutaya kwake ndi malita 25,000 tsiku lililonse.

Obwezeretsawo muwatenge m'miyala. Miyala yambiri ya phindu inaunjikana chifukwa cha madzi otentha oyenda m'ming'alu ya pansi, choncho dziko lanulo liyenera kuti linali ndi madzi kalekale. Nyanja zikauma zimasiya mchere ndi jipisamu, mwala wofewa uja amapangira pulasitala womangira munthu wothyoka mwendo. Tani imodzi ya jipisamu imasunga madzi okwana makilogalamu pafupifupi 210. Mukaiphwanya n'kuitenthetsa mpaka madigiri 150, imatulutsa magawo atatu mwa anayi a madziwo ngati nthunzi, pafupifupi malita 155. Ndiye kuti uvuni wanu uzidya matani 160 patsiku. Mgodi wa madziwu ndi umene suyenera kuima ngakhale tsiku limodzi. Winawo ukhoza kupuma.

Za mpweya musanamize owerenga. Dziko lopanda zomera ndi nyanja silingakhale ndi okosijeni wokwanira woti munthu n'kumangoyenda panja chifuwa chili pamtunda. Munthu amafuna makilogalamu 0.84 patsiku. Mukagawa madzi ndi magetsi, makilogalamu 9 amapereka 8 a okosijeni. Anthu 5,000 ndi malita ena 4,700 patsiku.

Wa_ku_shafiti:
A Namiyala anena bwino, koma chimene chiyambe kupha anthu komanso makina ndi fumbi, ludzu libwera pambuyo. Fumbi looneka ndi maso lilibe vuto kwenikweni, limathera m'mphuno. Loopsa ndi lija losaoneka la mwala wa quartz, limene limalowa mpaka pansi pa mapapo n'kusiya zipsera. Ndi matenda a silicosis amene azibambo ambiri opita ku Joni pa Wenela ndi Theba anabwera nawo kuchokera ku migodi ya golide. Satulukira msanga, amatha zaka 10 kapena kuposa, ndipo alibe mankhwala. Pano padziko timathana nalo pothira madzi pobowola mwala. Kwanuko madziwo ndi odula. Bwana wa mgodi akafuna kuchepetsa ndalama, ayamba kutseka mpopi wa pa chibowolero. Mkangano wa nkhani yanu si umenewo?

Ku makina kumayenda chonchi: fumbi limadya labala wa m'maseal, likalowa limasakanikirana ndi girisi n'kukhala ngati sandipepa, kenako bearing imatentha n'kugwira. Ma radiator amatsekeka, injini n'kuwira. Anthu a Apollo, maulendo a Amerika opita kumwezi aja, anangokhala masiku atatu pa mwezi koma fumbi linali litayamba kale kupala zovala zawo ndi kulimbitsa molumikizira. Choncho pakhomo lililonse ikani zipinda ziwiri: choyamba chopopera fumbi, chachiwiri chovulira. Chovala chakunja chisalowe kogona.

Nyumba zagalasi zija amakonda kujambulazi zisiyeni. Anthu azikhala pansi. Ku Coober Pedy m'dziko la Australia, okumba miyala ya opal amagoba nyumba m'thanthwe, ndipo mkatimo mumakhala pa madigiri 23 kapena kupitirira pang'ono pamene kunja kwapyola 40. Ntchito yapanja izigwiridwa usiku.

Mlembi_wa_usiku:
Zikomo kwambiri mabwana. Ndimati azikumba kopa, ndipo magetsi akhale a sola poti dzuwa ndi losasowa. Zitheka?

Nachisale_wa_masamu:
Kopa ayi, bambo. M'migodi ikuluikulu ya masiku ano tani ya mwala imapereka makilogalamu 5 mpaka 10 a kopa, ndipo kumulekanitsa ndi mwalawo kumafuna madzi malita mazanamazana pa tani iliyonse. Mgodi wa Escondida m'chipululu cha Atacama ku Chile umachita kuchotsa mchere m'madzi a m'nyanja n'kuwapopa m'mapaipi makilomita oposa 150, kukwera nawo mamita 3,000. Inu nyanja mulibe. Komanso ndani angalipire chombo chodutsa mlengalenga kuti chinyamule chinthu chopezeka ku Kitwe? Sankhani chodula kwambiri pa kilogalamu, monga pulatinamu ndi iridium, kapena pekani chanu chosapezeka kwina. Kuyenga kuzichitikira komweko, chombo chizinyamula zoyengeka kale. Posankha miyala gwiritsani ntchito njira zouma: maginito, mphepo, ndi makina ounika mwala uliwonse pa lamba n'kukankhira pambali wopanda pake.

Sola payekha ndi msampha. Mu June 2018 chimphepo cha fumbi chinaphimba pulaneti lonse la Mars, ndipo galimoto yofufuzira yoyendera sola ya Opportunity, imene inali itagwira ntchito kuyambira 2004, inazima osadzukanso. InSight, makina ena ofufuzira a ku Mars komweko, nayo inatha mphamvu mu 2022 fumbi litaunjikana pa mapanelo ake. Mdima wa milungu ingapo kwa anthu anu ukutanthauza kuti uvuni wa jipisamu waima ndipo okosijeni sakupangidwa. Apatseni nyukiliya, sola akhale wothandizira. Koma dziwani kuti nyukiliya imatulutsa kutentha kochuluka kuposa magetsi amene imapereka, ndipo mtsinje woziziritsira palibe. Kutenthako kulowetseni mu uvuni wa jipisamu uja, poti madigiri 150 si ambiri, kotsalako kupite ku ma radiator aakulu amene gulu la anthu lizipukuta m'mawa uliwonse. Thanki yosungira madzi ikhale ya masiku 90, ndipo muganize bwino kuti kiyi wake akusunga ndani.