Kodi apolisi angabwere kudzamuona ngati mwiniwake sanadandaule?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Abale, ndipatseni nzeru. Ndimakhala pa mdadada wa lendi, khoma limodzi ndi banja lina. Bamboyo akabwera ataledzera amamenya mkazi wake, tonse timamva. Koma kuyambira Loweruka mayiyo sanatuluke. Tomato amene amagulitsa akuwolera m'beseni pakhonde, ana akukatunga okha madzi. Mwamunayo akuti apita kumudzi ku Thyolo, chikhalirecho usiku ndikumamva munthu akubuula. Ndikakanena kupolisi abwera? Nanga dzina langa akalitchula? Bambo amenewa ndi aukali, ine ndimakhala ndekha ndi ana.

Bambo a Tadala:
Mayi, za m'banja n'zovuta kulowerera. Mawa agwirizana, woipa mukhala inu. Auzeni alandilodi aitanitse ankhoswe.

Anaphiri a ku Bangwe:
Ayi bambo, ankhoswe ndi a mkangano wa ndalama ya ndiwo. Apa munthu wavulala ndipo akubisidwa. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola aliyense amene waona kapena akukayikira kuti akanene, ndipo apolisi ayenera kuchitapo kanthu.

Achemwali, mukafika musathere nkhani pa kauntala, funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Ndiye samalani kafotokozedwe. Mukangoti "amakangana", akuuzani kuti abwere onse awiri adzakambirane. Nenani zimene mwalemba apazi: tsiku limene munamuona komaliza, kubuula kwa usiku, bodza la ku Thyolo. Apempheni kuti akalankhule naye payekha, mwamunayo ali panja. Akamufunsa pamaso pake angoti anagwa kubafa, apolisi n'kubwerera, usiku zifike poipa. Za dzina lanu nenani poyambirira penipeni kuti lisatchulidwe.

Che Jafali:
Zoonadi, koma konzekani. Ife titakanena za mlamu wanga anatiyankha kuti galimoto ilibe mafuta. Tinalipira kabaza, wapolisi wamkazi anakwera, tinatsagananso ndi a community policing. Mlamuyo anakana kutsegula mlandu, akuti mwamuna wake akamangidwa ana adya chiyani. Wapolisiyo sanamukalipire, anangoumirira kuti apite kuchipatala. Ku Queens kuli malo a Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, simuyendayenda. Lipoti la dokotala lija ndi limene linadzathandiza kwa majisitireti atapempha chiletso choti mwamunayo asamuyandikire.

Anaphiri a ku Bangwe:
Ndinaiwala: 5600 ndi nambala yaulere ya bungwe la YONECO yonenerapo nkhanza, ya ana ndi 116. Koma zikayambanso usiku uno imbani 997 ya apolisi, musadikire kuche.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Ndauza mayi a nyumba ya kumapeto, nawonso akhala akumva, tipita limodzi bamboyo akangonyamuka kupita kuntchito. Ana awo ndawaitana adye kwanga kuno. Wamkuluyo wandinong'oneza kuti amayi ake ali m'chipinda ndipo dzanja silikutukuka.