Ndani amaloledwa kunena kuti wodwala maganizo asiye mankhwala? Ndithandizeni abale

Membala wobisa dzina, Chilobwe:
Moni nonse pagulu pano. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya mng'ono wanga, sindikufuna anthu azimuloza zala. Chaka chatha adayamba kusagona, kumangoyankhula yekha usiku, kenako kuopa ngakhale kutuluka panja. Kuchipatala adamupatsa mankhwala ndipo adakhazikika, kungoti masana amangogona. Tsopano pali bambo wina amene tidamupeza pa WhatsApp, amati ndi phungu wa zamaganizo, timamulipira ulendo uliwonse. Iyeyu akuti mankhwalawo ndiwo akumufooketsa, asiye kumwa, azingobwera kudzacheza naye. Amayi avomera kale, poti chisoni chawagwira kuona mwana wawo ali lefulefu tsiku lonse. Ine mtima wanga ukukana.

Chomwe ndikufuna kudziwa: timamva za psychiatrist, psychologist, clinical officer, namwino, phungu. Anthu amenewa adaphunzira chiyani, ndipo amasiyana pati? Bamboyu ndingadziwe bwanji kuti ndi weniweni?

Namwino, Ndirande:
Achimwene, choyamba asasiye mankhwala. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda, nthawi zina moposa poyamba. Kugona kwambiri kumachitikadi ndi mankhwala ena a matendawa, koma amene amakonza ndi amene adalemba: amachepetsa mlingo, amasintha nthawi yomwera kapena kupereka mtundu wina.

Psychiatrist ndi dokotala weniweni. Amayamba wamaliza maphunziro onse a udokotala, kenako amaonjezera zaka zina pa matenda a maganizo okha. Kuno ku Blantyre amaphunzitsidwa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), imene idapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Anthuwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndiye amene mungakumane naye kawirikawiri ndi clinical officer wa zamaganizo kapena ife anamwino amene tidaphunzira mbali imeneyi. Musawaderere, ndiwo asenza ntchitoyi m'maboma ambiri. Psychologist sanaphunzire udokotala. Adaphunzira za khalidwe ndi kaganizidwe ka munthu, amathandiza pokambirana, salemba mankhwala. Phungu nayenso salemba, ndipo sasiyitsa.

Mayi wa ku Bangwe:
Mwanayo mupite naye kumapemphero. Zina mwa izi si zakuchipatala ayi.

Bambo wa ku Machinjiri:
Mayi a ku Bangwe, pempherolo tisalikane, inenso ndimapemphera. Koma mlongo wanga tidamusiyitsa mankhwala chifukwa cha mawu ngati amenewa, mapeto ake adakagonekedwa ku Zomba Mental. Abusa athu atamva adatidzudzula, adati apemphere akumwa. Panopa ali bwino, amagulitsa kaunjika wake.

Phungu, Zingwangwa:
Zandipweteka kuwerenga izi chifukwa anthu otere amatiipitsira dzina. Ine uphungu ndidaphunzira ku St John of God ku Mzuzu, komwenso amaphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino a zamaganizo. Chinthu chimene amatitsindikira ndi malire a ntchito yathu. Ife timathandiza munthu kulankhula zakukhosi, kupirira maliro, mavuto a m'banja, mowa, nkhawa. Munthu akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akadandaula za mankhwala, timamubweza kuchipatala. Uphungu ungamuthandize mng'ono wanuyo, inde, koma uziyenda limodzi ndi mankhwala.

Vuto lina ndi loti aliyense atha kudzitcha phungu. Wina adachita maphunziro a masiku ochepa a uphungu wa HIV, wina ali ndi diploma, wina alibe kalikonse. Mufunseni bamboyo mwaulemu: mudaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, tingaone satifiketi? Wophunzira sakwiya ndi funso limeneli.

Namwino, Ndirande:
Kuonjezerapo, madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ife ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Akanena kuti ndi m'modzi wa amenewa, mutha kukafunsa kumeneko. Koma musadikire zonsezo. Tengani buku lake lakuchipatala ndi mankhwala amene akumwa, mubwerere komwe adamulembera, kapena ku Queens, ku Room 6 komwe amaona odwala maganizo. Mukafotokoze bwinobwino: amamwa nthawi yanji, amadzuka nthawi yanji, akudya bwanji. Ngati atayamba kulankhula zodzipha, pitani tsiku lomwelo, musamusiye yekha.

Membala wobisa dzina, Chilobwe:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mutu. Mankhwala akumwabe, usiku ndimamupatsa ndine. Bamboyo ndamufunsa za satifiketi, wawerenga uthenga koma sanayankhe. Sabata ino tipita kuchipatala. Chatsala ndi amayi: ine ndikalankhula amati ndikutsutsana ndi akuluakulu. Anamwino, kodi amalola kuti kholo lilowe nawo m'chipinda, kuti amayi akamve okha kuchokera kwa adokotala? Kapena ndiyambe ndauza amalume kuti awalankhule ndiwo?