Ndikufuna kutsegula jimu yaing'ono ku Ulongué, koma mpamba wanga ndi wochepa

Bambo a Tadala, Ulongué

Moni nonse abale anga. Ndine mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi pasukulu ina kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuika padera ndalama zimene ndimapeza ndikagulitsa mbatata ya kachewere, moti tsopano zakwana meticais 180,000. Cholinga changa ndi kutsegula jimu, imene ena kuno amaitchula kuti ginásio, chifukwa ndimaona anyamata ambiri akunyamula zitini za simenti ndi zitsulo za magalimoto akufa kuseri kwa nyumba, popanda wowauza kaimidwe koyenera, ndipo awiri mwa ana anga akale a sukulu anavulala msana mwa njira imeneyi. Kunonso kuli ophunzira a zaulimi a payunivesite ya UniZambeze, aphunzitsi, apolisi ndi anamwino, anthu amene ndikukhulupirira kuti angathe kulipira pamwezi.

Ndapeza chipinda chimene kale chinali sitolo, pafupi ndi msika, cha mamita 12 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, ndipo mwini wake akufuna lendi ya meticais 7,000 pamwezi. Munthu wina ku Lilongwe akundigulitsa makina othamangirapo oyendera magetsi, ogwirapo kale ntchito, pamtengo umene ungadye pafupifupi theka la ndalama zanga zonse. Mtima wanga ukuwafuna makinawo chifukwa ndikuganiza kuti ndi amene angakope anthu. Ndikupempha inu amene munayendapo njira imeneyi kuti mundiunikire: kodi ndiwagule, kodi ndizilipiritsa bwanji, ndipo ndi mapepala ati amene ndiyenera kukhala nawo ndisanatsegule chitseko?

Bambo a Yamikani, Matundo, Tete

Aphunzitsi, ndakondwa ndi maganizo anu, ndipo ndiyankha motalikirapo chifukwa zimene mukufuna kuchitazo ndi zimene ine ndinachita mu 2019, ndipo ndinalira nazo. Makinawo musagule. Ine ndinagula ofanana nawo kwa munthu wina amene anandilumbirira kuti anali abwinobwino, ndipo mwezi woyamba anthu ankabweradi kudzawaona ndi kujambulitsa pamenepo. M'mwezi wachinayi magetsi anathima madzulo ena n'kubweranso mwamphamvu, ndipo tinangomva fungo la pulasitiki wopserera kuchokera pansi pa lamba. Ndinayenda Tete yense kufunafuna kachipangizo kamene kanapsako koma sindinakapeze, ndipo makinawo anakhala pakona chaka chathunthu anthu akuyanikapo matawulo. Kumbukiraninso kuti makina otere amanyamula munthu mmodzi pa nthawi imodzi, amadya mayunitsi a magetsi olipiriratu a Credelec kuposa mababu onse a m'chipindamo, ndipo mukamawalowetsa pachipata cha m'malire cha Calómuè mudzayenera kulipira msonkho wa kasitomu pamwamba pa mtengo wake. Munthu wa ku Ulongué amene akufuna kuthamanga ali ndi misewu ndi zitunda zaulere, koma chimene alibe ndi malo aukhondo okhala ndi zitsulo zolemera bwino komanso munthu wodziwa kumuphunzitsa. Munthu wodziwayo ndinu, ndipo chimenecho ndicho chuma chenicheni cha jimu yanu.

Ndalama zoyamba zipite pa chipindacho. Pansi pa sitolo nthawi zambiri pamakhala simenti yopyapyala, ndipo chitsulo cha makilogalamu 20 chikagwapo kangapo imasweka, kenako mwini nyumba amabwera ndi mkangano. Pamalo onyamulira zolemera ikanipo matabwa okhuthala ndi mphira pamwamba pake. Ine ndinagwiritsa ntchito zidutswa za malamba akale a mphira onyamulira malasha zimene ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Moatize, ndipo mpaka lero sizinang'ambike. Onetsetsani kuti pali chimbudzi chotsekeka bwino, pobvulira zovala, ndi madzi akumwa. Kuno ku Tete vuto lathu lalikulu ndi kutentha, pakuti mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, moti masana jimu yanga imakhala yopanda munthu ndipo anthu amabwera 5 koloko m'mawa kapena dzuwa likalowa. Inu kumeneko muli ndi mwayi wa mphepo yozizira, komabe chipinda cha malata chokhala ndi anthu khumi otuluka thukuta chimafuna mazenera a mbali ziwiri. Chimene mudzakumane nacho ndi chosiyana ndi chathu: mu Juni ndi Julayi anthu adzachita ulesi kudzuka m'mamawa chifukwa cha chisanu.

Pa nkhani ya malipiro, yambani mwawerengera zimene zidzatuluke m'thumba mwezi uliwonse, ngakhale mutapanda kulandira munthu ndi mmodzi yemwe. Tiyerekeze kuti lendi, magetsi, madzi, sopo, mlonda ndi zokonzakonza zikukwana meticais 15,000. Mukamalipiritsa 600 pamwezi, mukufunika anthu 25 olipira mokhulupirika kuti mungobweza zimene mwawononga, inu musanadyepo kanthu. Choncho musanasaine pangano la nyumba, yendani ndi kope mulembe mayina a anthu amene akuvomera mtengo umenewo, ndipo pa anthu onse amene avomere muwerengere theka lokha, chifukwa kuvomera pakamwa sikuvuta. Musaiwale kuti ophunzira amapita kwawo nthawi ya tchuthi, ndiponso kuti m'dera la alimi ngati lanu ndalama zimayenda bwino anthu akakolola ndi kugulitsa, pamene mu Januwale ndi Febuluwale aliyense amakhala akuganiza za feteleza ndi za sukulu za ana. Pa meticais 180,000 zanuzo, sungani lendi ya miyezi inayi osaikhudza.

Chomaliza chimene chinandivuta kuphunzira ndi ngongole. Munthu azilipira mwezi usanayambe, kaya pamanja kaya kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo tsiku limene walipira lizilembedwa m'kaundula amene aliyense angathe kumuona. Amene amavuta kwambiri ndi anzanu ndi abale, amene amati adzalipira malipiro akatuluka. Ine ndinataya anzanga awiri chifukwa chowakumbutsa ngongole, pamene ndikanawakaniza pa tsiku loyamba bwenzi tikupatsanabe moni. Ikaninso mtengo wa tsiku limodzi, wokwererapo pang'ono, kuti wongoyesa asaope kulowa.

Mayi a Chisomo, Moatize

Bambo a Tadala, zimene anena Bambo a Yamikani ndikugwirizana nazo, koma ndaona kuti nonse awiri mukuganiza za anyamata ofuna zifuwa zazikulu. Ine ndine namwino, ndipo anthu amene ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti azichita masewera olimbitsa thupi ndi amayi ndi abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo, odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera osachepera mphindi 150 pamlungu, koma ndikawauza zimenezi amandifunsa kuti akachitire kuti, ndipo ndimasowa chowayankha. Anthu amenewa ali ndi malipiro, salumpha mwezi akaona kuti thupi likupepuka, ndipo safuna zitsulo zodula, koma mphasa kapena timatiresi topyapyala, zingwe zodumphira, masitepe a thabwa ndi nyimbo.

Kuti amayi abwere, pafunika kuwaganizira mwapadera. Ine ndinasiya kupita kujimu ina kuno chifukwa khomo lake linali loyang'ana kumsewu, ndipo anyamata a njinga zamoto ankaima pamenepo kumationerera ndi kumaponya mawu. Poti chipinda chanu chili pafupi ndi msika, ikani nsalu kapena chotchinga pakhomo, ndipo patulani ola limodzi, masiku atatu pamlungu, loti likhale la amayi okhaokha. Ngati mungapeze mtsikana amene mungamuphunzitse kutsogolera gululo, amuna awo sadzakhala ndi chifukwa chowaletsera.

Ndikupemphaninso kuti pa ndalama zanuzo mupatulepo zogulira kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, kamene sikadula poyerekeza ndi makina a ku Lilongwe aja. Aliyense wobwera koyamba mumuyeze atakhala pansi n'kupuma kwa mphindi zisanu, ndipo mumufunse ngati amamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika akamayenda. Mukapeza kuti manambala ake akufika 140 ndi 90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, mutumizeni kuchipatala asanayambe kunyamula zolemera. Ndipo chonde, musalole kuti m'jimu mwanu muzigulitsidwa majakisoni kapena mapiritsi okulitsa minofu. Adzabwera anthu okunyengererani kuti muli phindu lalikulu, koma mankhwala amenewo amawononga chiwindi ndi mtima, ndipo ife ndi amene timawalandira ana amenewo zinthu zitavuta.

Bambo a Madalitso, Dómuè

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo ndapangirapo anthu mabenchi ndi zoikapo zitsulo, choncho ndilankhula pa zimene ndikuzidziwa. Benchi, choikapo mtanda wa chitsulo wonyamulira zolemera, ndi chitsulo chodzikokerapo m'mwamba, zonsezi mmisiri wa konkuno angathe kukupangirani, bola mugule nokha mapaipi ake. Musalole mapaipi opyapyala amene timapangira mafelemu a mazenera. Funani a makona anayi okhuthala mamilimita atatu, ndipo choikapocho chimangiriridwe pansi ndi mabawuti. Muuzeni mmisiriyo aike zitsulo ziwiri zotchinga m'mbali, kuti munthu akalephera kudzuka ndi katundu, mtandawo ugwere pamenepo osati pakhosi pake. Mukalandira katunduyo, muyeseni ndi zolemera zoposa zimene munthu aliyense adzanyamule, inu mutaima patali.

Koma mtanda weniweniwo musawotcheretse. Gulani wa kufakitale, umene umalemera makilogalamu 20 ndipo ndi wautali mamita 2.2, chifukwa chitsulo chake n'cholimba mwapadera ndipo chimabwerera m'malo chikapindika pang'ono, pamene chathu chomangira nyumba chikapindika chapindikiratu. Pa zolemera zoika kumapeto, ena adzakuuzani kuti muumbe za simenti kuti musunge ndalama. Simenti ya mulita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pamene chitsulo chimalemera kuwirikiza katatu, ndiye kuti ya simenti imakhala yaikulu kwambiri, imagumuka m'mphepete, ndipo pakapita miyezi mbali ziwiri sizilemeranso mofanana. Kunyumba zilibe kanthu, koma munthu amene walipira ndalama zake sayenera kunyamula zinthu zopendekeka. Ndi bwino kuyamba ndi mitanda iwiri ndi zitsulo zenizeni zochepa, n'kumawonjezera mwezi ndi mwezi.

Mayi a Pemphero, Ulongué

Aphunzitsi, funso lanu la mapepala silinayankhidwe. Ine ndili ndi saluni konkuno, ndipo njira yake ndi yofanana. Mukhale ndi NUIT yanu, imene ndi nambala ya msonkho, kenako mupite kuofesi yoona za malonda kapena ku BAU, ofesi ya boma yopereka ziphaso za malonda, mukafotokoze mtundu wa bizinesiyo kuti akuuzeni chiphaso chokuyenerani, ndipo popeza Ulongué ndi manisipalite, mudzalipiranso msonkho wa kumeneko. Ku ofesi ya misonkho mukafunse za ISPC, umene ndi msonkho wopepukirapo wa amalonda ang'onoang'ono. Mukalemba munthu ntchito, mumulembetse ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, kumene pamalipiro ake pamachoka 3 peresenti ndipo inu olemba ntchito mumaonjezera 4 peresenti. Pangano la nyumba likhale lolembedwa, lotchula zaka ndi mtengo, chifukwa ine mwini nyumba wanga woyamba atangoona kuti makasitomala achuluka anakweza lendi, ine nditapenta kale ndi kuika matailosi ndi ndalama zanga. Popezanso ndinu wantchito wa boma, funsani akuluakulu anu ngati pakufunika chilolezo choti muchite ntchito ina pambali, kuti nkhaniyi isadzakutsatireni kusukulu.

Bambo a Tadala, Ulongué

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Munthu wa ku Lilongwe uja ndamuimbira kale kumuuza kuti makinawo sinditenga, ngakhale kuti sizinali zophweka kwa ine chifukwa ndinali nditawaona kale m'maganizo ataima pakati pa chipindacho. Dzulo ndinapitanso kukachiona ndi maso atsopano, ndipo ndapeza kuti zenera lilipo limodzi lokha, pansi pali mng'alu woyambira pakhomo mpaka pakati, ndipo chimbudzi n'chogawana ndi masitolo ena atatu. Ndikambirana ndi mwini wake kuti andilole kuboola zenera lachiwiri ndi kumanga chimbudzi changa, ndalama zake zichotsedwe pa lendi, ndipo zonsezi zilembedwe m'pangano monga anenera Mayi a Pemphero. Kope la mayina ndaliyamba, ndipo mwa anthu 19 amene alemba mpaka pano, asanu ndi awiri ndi amayi ogulitsa mumsika amene sindinkawaganizira n'komwe.

Chimene chikundivutabe ndi nthawi, chifukwa ine ndimakhala kusukulu mpaka masana, pamene amayiwo akuti ola lowakomera ndi 5 koloko m'mawa asanakayale malonda, ndipo anyamata akufuna madzulo. Bambo a Yamikani, kodi inu m'miyezi yoyambirira munkatsegula tsiku lonse, kapena munkatseka masana n'kumatsegula kawiri patsiku? Ndipo Bambo a Madalitso, ngati mungakhale ndi mpata Loweruka likudzali, ndikufuna ndibwere ku Dómuè ndi miyeso ya chipindacho kuti tiwerengere limodzi mapaipi ofunika.