Visa ya ukwati ya ku UK: bambo akunyumba ali ku Zomba, tiyambire pati?

Nachisale:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za mapepala a kuno. Ndili ndi pasipoti ya Britain, ndimakhala ku Leicester ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo akunyumba ali ku Zomba, pasipoti yawo ndi ya Malawi. Tinachita chinkhoswe, kenako chaka chatha tinadalitsa ukwati kutchalitchi. Malipiro anga ndi £27,500 pachaka asanadule msonkho. Ena akundiuza kuti bambo abwere kaye ndi visa ya ulendo, tidzasinthire konkuno. Kodi zimatheka? Nanga ndalama zangazi zikwanira? Komanso akadzabwera, visa yawoyo idzawalola kuti tipite limodzi ku Paris kapena ku Dublin, poti ine ndimangopita popanda chovuta?

Aphiri_Notts:

Achemwali, za visa ya ulendozo zisiyeni. Munthu amene walowa m'dziko muno ngati mlendo saloledwa kusinthira ku visa ya ukwati ali mkati muno, ayenera kubwerera ku Malawi n'kukafunsira kumeneko. Chinanso, pofunsira visa ya ulendo munthu amalonjeza kuti adzabwerera kwawo. A Home Office, unduna wa kuno woona za olowa m'dziko, akaona kuti mkazi ali ku Leicester ndipo ku Zomba kulibe chomukoka, kawirikawiri amakana, ndipo kukanidwako ayenera kumakutchula pa fomu iliyonse ya mtsogolo. Yambani ndi visa ya ukwati, spouse visa, basi.

Tsono ndalama. Kuyambira pa 11 April 2024 mlingo wake ndi £29,000 pachaka; kale unali £18,600. Pa ulendo woyambawu amawerengera malipiro anu okha. Amene bambo amalandira ku Zomba, kaya ndi ambiri bwanji, salowa m'masamu. Malipiro a nonse awiri adzaphatikizidwa pa nthawi yowonjezera visa, bambo atayamba ntchito kuno.

Inu mukuperewera ndi £1,500. Mpata umenewu mutha kuutseka ndi ndalama zosunga ku banki, koma masamu ake ndi olimba: zopereweratu muchulukitse ndi 2.5, kenako muonjezere £16,000. Ndiye 1,500 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi 3,750, kuphatikiza 16,000 zikukwana £19,750. Wopanda ntchito konse amafunika £88,500. Ndalamazi zikhale mu akaunti yanu, ya bambo kapena ya nonse awiri kwa miyezi 6 yathunthu, ndipo amayang'ana tsiku limene zinatsika kwambiri m'miyezi imeneyo. Mukatapako za maliro mwezi wachinayi n'kubwezera wachisanu, muyambirenso kuwerenga. Mphatso yochokera kwa wachibale ndi yololedwa ikakhala miyezi 6 ndipo mwalemba kumene yachokera, ngongole ayi. Zosunga m'makwacha amazisandutsa mapaundi pa mtengo wa tsiku lofunsira visa, ndiye kumbukirani zimene zinachitika mu November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati n'kotheka zisungeni m'mapaundi.

Koma musanathamangire zosunga, werengani bwino malipiro anu. Ambiri a ntchito ya care amalipidwa pa ola, ndipo kwa otere amatenga zonse zimene mwalandira m'miyezi 6 yapitayo asanadule msonkho, kuphatikizapo ovataimu, n'kuchulukitsa kawiri. Ngati m'miyezi 6 mwalandira £14,500, mwakwanitsa. Mashifiti owonjezera a loweruka kwa theka la chaka amatseka mpata wa £1,500 mosavuta kusiyana ndi kusonkha £19,750. Ngati kwa abwana anu simunathe miyezi 6, njira ilipo koma ndi yothina: muonetse kuti malipiro a pano akufika pa mlingo, komanso kuti m'miyezi 12 yapitayo munalandiradi £29,000.

Pamene ambiri amagwera ndi pa mapepala, osati pa ndalama zenizenizo. Mufunika ma payslip a miyezi 6, masitetimenti a ku banki a miyezi yomweyo oonetsa malipiro akulowa, ndi kalata ya abwana yonena ntchito yanu, malipiro a pachaka, nthawi imene mwagwirapo, nthawi imene mwakhala pa malipiro amenewo, ndi mtundu wa kontrakiti. Nambala ya pa payslip ifanane ndi ya pa sitetimenti mpaka kobiri. Payslip ndi sitetimenti zomaliza zisapitirire masiku 28 pofika tsiku limene mwatumiza fomu ndi kulipira pa intaneti, osati tsiku limene bambo akukadinda zala ku Lilongwe. Mwezi umodzi ukasowa pakati, amatha kukana ngakhale ndalama zikukwana.

Mayi_a_Tadala:

Aphiri amaliza za ndalama, ine ndionjezere za mbali ya bambo, chifukwa zimatenga nthawi ndipo zina zimatha ntchito msanga.

Ukwati: lamulo la kuno limavomereza ukwati umene uli wovomerezeka m'dziko limene unachitikira. Lamulo la maukwati la Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhalenso wa chikhalidwe. Vuto ndi umboni. Wogwira ntchito ku Home Office sadziwa ankhoswe, amafuna satifiketi. Onetsetsani kuti pepala limene munalandira kutchalitchi ndi satifiketi yolembetsedwa m'kaundula wa boma, osati kakhadi ka chikumbutso ka mpingo. Ngati sichoncho, kalembetseni musanayambe chilichonse. Mayina pa satifiketi afanane ndi a m'mapasipoti, chilembo ndi chilembo. Ngati wina mwa inu anakwatirapo kale, pakhale chikalata cha khoti chothetsa ukwatiwo, kapena satifiketi ya imfa. Kungoti "tinasiyana kalekale, ankhoswe akudziwa" sikukwanira, ndipo ukwati woyamba ukakhala kuti sunathe mwalamulo, wachiwiriwu umakayikiridwa.

Amafunanso kuona kuti banja ndi lenileni: zidindo za m'pasipoti ndi matikiti a maulendo anu a ku Malawi, zithunzi zochepa za chinkhoswe ndi ukwati, malisiti a ndalama zimene mumatumiza, ndi mbiri ya mafoni. Musawatumizire masamba 300 a WhatsApp. Sankhani ochepa a miyezi yosiyanasiyana, ndipo chilichonse cholembedwa m'Chichewa chimene mukufuna kuti achiwerenge chimasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka, alembepo dzina lake, tsiku ndi siginecha.

Chingerezi: Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake salemba mayeso, ngakhale bambo ataphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. MSCE sathandiza pano. Ayenera kukhoza mayeso a mlingo wa A1, olankhula ndi kumva basi, monga IELTS Life Skills, pamalo ovomerezedwa ndi UKVI, nthambi ya Home Office yoona za ma visa. Ndi ophweka, koma anthu amalakwitsa polembetsa IELTS wamba amene si wa UKVI, ndalama n'kupita pachabe. Ngati ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi, bungwe la Ecctis litha kuitsimikizira m'malo mwa mayeso. Powonjezera visa adzafuna A2, ndiye amene angathe kukhoza mlingo wapamwamba pano angochita kamodzi.

TB: munthu wamkulu aliyense wokhala ku Malawi wobwera kuno kupitirira miyezi 6 ayenera kujambulidwa pachifuwa ku chipatala chimene chili pa mndandanda wa gov.uk, osati chipatala chilichonse. Satifiketi yake imagwira miyezi 6 yokha, ndiye ikhale yomalizira, ndalama zitakonzeka kale. Nyumba nayo amaifunsa: pangano la lendi, kalata ya mwini nyumba yolola kuti bambo adzakhalemo, ndi kuti simudzathithikana. Ngati mukukhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi ena, konzani zimenezi msanga.

Mtengo: mu April 2025 fomu yofunsira kunja inafika pa £1,938, ndipo amakweza pafupipafupi, ndiye onani pa gov.uk tsiku lolipira. Pamwamba pake pali ndalama ya zachipatala, £1,035 pachaka. Visa yoyamba ndi ya miyezi 33 koma amawerengera zaka zitatu, £3,105, zolipiriratu. Zonse pamodzi zikudutsa £5,000 musanagule tikiti ya ndege. Akakana, ya zachipatala imabwerera, ya fomu ayi. Yankho limatenga pafupifupi masabata 12. Ndipo ndalama zolipirira zonsezi zisachokere mu zosunga zija musanatumize fomu, mungazitsitse pansi pa mlingo ndi dzanja lanu lomwe.

Ngati muli ndi mwana amene anabadwira ku Malawi inu mutatenga kale unzika wa Britain kuno, mwanayo kawirikawiri ndi nzika kale. Mufunsireni pasipoti ya Britain, osati visa.

Gondwe_Belfast:

Za Paris ndi Dublin, mlongo, yankho ndi ayi. Visa ya ukwati ndi ya UK mokha. Dziko lino lisanatuluke mu EU, mkazi kapena mwamuna wa nzika ya Britain ankapeza visa ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya monga France, mwaulere ndi mwachangu akamayenda ndi mnzakeyo. Zimenezo zinatha kumapeto kwa 2020. Pano bambo adzafunsira ngati Mmalawi wina aliyense, kungoti adzafunsira konkuno poti adzakhala okhala kuno mwalamulo. Mtengo ndi €90 kuyambira June 2024, inshuwalansi ya zachipatala yotha kulipira chithandizo cha ndalama zosachepera €30,000, pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka mu Schengen, ndipo afunsire ku dziko limene mudzakhalitseko. Akazembe ambiri amafunanso kuti chilolezo cha UK chikhale ndi miyezi itatu yotsala pobwerera, ndiye visa ikamayandikira kutha musakonze ulendo wa ku Ulaya.

Kusiyana kumakhalapo ngati nzikayo ili ndi pasipoti ina ya dziko la EU, monga ya Ireland. Pamenepo mwamuna kapena mkazi wake amapezabe visa yaulere popita naye ku dziko lina la EU, koma osati dziko la pasipotiyo, kumene amatsata malamulo a dzikolo.

Dublin ndiye msampha weniweni. Ireland sali mu Schengen, ndipo ufulu woyenda pakati pa UK ndi Ireland ndi wa nzika za mayiko awiriwo zokha. Ku Belfast bambo atha kubwera popanda chilichonse chifukwa ndi UK. Koma basi ya ku Belfast kupita ku Dublin imadutsa malire opanda geti, munthu osazindikira kuti walowa dziko lina, ndipo apolisi a ku Ireland amaimitsa mabasi nthawi zina n'kufunsa mapepala. Mmalawi amafunika visa ya Ireland payokha.

Pobwerera ku UK kuchokera kulikonse: makhadi a BRP, amene ankaonetsa chilolezo chokhalira kuno, anatha pa 31 December 2024, chilolezo tsopano chili pa intaneti, eVisa, mu akaunti ya UKVI. A ndege amachiona kudzera pa nambala ya pasipoti. Bambo akadzasintha pasipoti, alowetse yatsopanoyo mu akaunti asananyamuke, apo ayi adzakanidwa kukwera ndege ku Kamuzu kapena ku Chileka, visa ili bwinobwino.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, ndapepukidwa. Limodzi lomaliza: apongozi anga ndi okalamba. Bambo akadzabwera, angamapite kumudzi kwa nthawi yaitali bwanji osaononga mapepala? Ndinamva za masiku 180.

Aphiri_Notts:

Za masiku 180 pachaka ndi za njira zina monga visa ya ntchito. Pa visa ya ukwati palibe nambala yoikika, koma powonjezera amafuna umboni woti mwakhala limodzi kuno: makalata a khonsolo, a banki, a NHS ndi a magetsi, m'mayina a nonse awiri pa adiresi imodzi, ofalikira m'zaka ziwiri. Yambani kuwasunga mwezi woyamba. Kupita kumaliro kapena kukadwazika matenda masabata angapo si nkhani. Kukakhala miyezi isanu ndi itatu kumunda mkazi ali ku Leicester, pamenepo adzafunsa ngati banja likukhaliradi kuno.

Nthawi yoopsa ndi imodzi: fomu yowonjezera ikatumizidwa, yankho lisanabwere. Fomuyo itumizidwe visa yakale isanathe, ndipo ikatero bambo amapitiriza kukhala ndi kugwira ntchito mwalamulo mpaka yankho litabwera, ngakhale tsiku la pa visa litadutsa. Koma akatuluka kupita ku Malawi kapena ku France m'nthawi imeneyo, fomuyo imatengedwa ngati aichotsa okha, ndalama yapita, ndipo ngati visa yakale yatha sangalowenso. Uthenga wa maliro sudikira, ndiye amene ali ndi makolo odwala aganizire zolipira njira yofulumizitsa yankho.

Ndondomeko yake: miyezi 33, kuwonjezera miyezi 30, zikakwana zaka zisanu afunsire chilolezo chokhazikika, ILR, atakhoza mayeso a Life in the UK, mafunso 24, okhoza ndi 18, ndi mayeso a Chingerezi a mlingo wokwererapo. M'zaka zisanu zonsezo saloledwa kulandira chithandizo cha boma monga Universal Credit. ILR nayo imafa munthu akakhala kunja zaka ziwiri motsatizana. Masiku amawerengedwa molimba pofunsira unzika: mwamuna kapena mkazi wa nzika asakhale kunja masiku opitirira 270 m'zaka zitatu zomaliza, ndiponso asapitirire 90 m'chaka chomaliza. Ubwino wake, safunika kudikira chaka atalandira ILR monga ena.

Mayi_a_Tadala:

Chimodzi chimene anthu sakonda kumva pamene ukwati udakali wotsekemera, koma bambo achidziwe okha, osati kudzera mwa inu. Visa imeneyi yamangidwa pa banja. Banja likatha, a Home Office ayenera kuuzidwa, ndipo kawirikawiri amafupikitsa chilolezo kufika masiku 60 kuti munthu apeze njira ina, monga ya kholo la mwana amene ndi nzika, kapena achoke. Koma likatha chifukwa cha nkhanza, kaya wochitiridwayo ndi mkazi kapena mwamuna, atha kupempha chilolezo cha miyezi itatu chomulola kulandira chithandizo cha boma, kenako n'kufunsira ILR osadikira zaka zisanu. Amene mnzake wamwalira nayenso atha kufunsira ILR osadikira zaka zisanu. Akaunti ya UKVI ikhale pa imelo ndi foni ya bambo eni ake, ndipo pasipoti azisunga okha.