Chikalata chija cha malipiro a antchito apakhomo chatha

Abale ndi alongo a kuno ku Johannesburg, mwezi watha ndinafunsa momwe ndingalembere chikalata chokopa anthu pa nkhani yokanganitsa. Gulu lathu linandituma kulemba za malipiro a antchito apakhomo. Zikomo nonse amene munayankha.

Langizo lomwe linandithandiza kwambiri ndi loti mbali yanga ioneke m'ndime yoyamba, osazungulira. Ndinalemba kuti malamulo alipo, chosowa n'kuwatsata. Umboni unabwera pambuyo: malipiro otsikitsitsa okhazikitsidwa ndi lamulo muno mu South Africa anayamba mu Januwale 2019 pa R20 pa ola, antchito apakhomo R15 yokha, mpaka anafanana ndi anzawo mu Marichi 2022. Mu 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la Constitutional Court ku Braamfontein linagamula kuti nawonso azilandira chipukutamisozi akavulala pantchito.

Povuta panali pa otsutsa. Mabwana amati malipiro akakwera achepetsa masiku a ntchito, ndipo ena amachitadi zimenezo. Mfundoyi ndinaipatsa ndime yakeyake mosanyoza, kenako n'kuiyankha. Ena munati ndiisiye, koma wowerenga akaona kuti wabisa mbali ina amasiya kukukhulupirira.

Pomaliza ndinaika pempho limodzi lokha: oyendera a zantchito azifikanso m'nyumba za anthu.